Nkhaka ikawawa musanyoze mbewu

Chaka chatha ndidadzala nkhaka kuseri kwa nyumba yomwe timachita lendi ku Area 25. Zidamera bwino, zidayanga mpaka anansi kumasuzumira pampanda. Koma tsiku loyamba kuthyola, mwana wanga adangoluma kamodzi n'kulavula. Kuwawa kwake ngati kwinini. Ndidanyoza wogulitsa mbewu sabata yathunthu, kufikira mayi wina wobweretsa ndiwo zamasamba pamsika wa Wakawaka adandifunsa kuti ndinkathirira kangati. Ndidasowa choyankha.

Unali mwezi wa Okutobala. Aliyense wokhala ku Chinsapo, Mgona kapena Area 23 akudziwa zomwe zimachitika nyengoyi: mpopi umatha kuuma masiku angapo, ndipo ndowa yogula pa kiyosiki imayamba yapita kukhitchini ndi kubafa. Ine ndinkathirira mpopi ukatuluka madzi basi, lero kukhuthula zidebe zitatu, kenako masiku anayi osaponyapo ngakhale dontho.

Nkhaka ndi madzi okhaokha, pafupifupi magawo 95 mwa 100 alionse, ndipo mizu yake siyenda patali. Ikamva ludzu ndi kutentha imachulukitsa mankhwala achilengedwe otchedwa cucurbitacin, omwe amadzadza m'khungu ndi chakuphesi kwa chipatso. Ndiye kuwawako. Chomwe imafuna si madzi ambiri, koma pang'onopang'ono tsiku lililonse.

Ulendo uno ndidasintha. Ndidatenga matumba asanu a feteleza, n'kuboola kunsi, n'kudzaza dothi losakaniza ndi manyowa a nkhuku owola bwino. Osaphwa amawotcha mizu. Thumba lililonse njere zitatu, zitamera n'kusiya ziwiri zamphamvu, pamwamba n'kuphimbira udzu wouma kuti chinyezi chisathawe. Madzi otsukira mpunga, mbatata ndi masamba satayidwanso pakhomo pano, amapita m'matumbamo madzulo. A sopo wochapira zovala ayi. Ndimathira patsinde, osati pamasamba, chifukwa masamba onyowa sachedwa kugwidwa matenda.

Za malo musadandaule. Mapuloti a ku Kawale ndi Biwi ndi othithikana, n'zoona, koma nkhaka imakwera. Nsungwi zingapo ndi chingwe kutsamiritsa kumpanda zakwana, ndipo zipatso zolendewera siziwola ngati zogona pansi. Ubwino wina wa matumba, alandilodi akakusamutsani mumanyamula dimba lanu.

Ambiri amataya mtima akaona maluwa oyamba akuthothoka osabereka. Amenewo ndi aamuna. Aakazi amabwera pambuyo, ndipo mumawazindikira ndi kankhaka kakang'ono kunsi kwa duwa. Zimene zimanyamula mungu kuchoka ku duwa lina kupita ku linzake ndi njuchi, choncho wopopera mankhwala m'mawa maluwa atatseguka akudziphera yekha zokolola. Mdani weniweni ndi kantchentche koboola zipatso n'kuikiramo mazira. Nkhaka yobooledwa ithyoleni msanga n'kuikwirira mozama, isatayidwe pambali pa dimba.

Mu Juni ndi Julaye kuno kumazizira ndipo nkhaka imakula monyinyirika, bola kudzala kukayamba kufunda mu Ogasiti. Pakatha masiku 50 mpaka 60 mumayamba kudya. Thyolani zikadali zobiriwira, pakuti imodzi ikasiyidwa kufikira yachita chikasu mtengo wonse umaleka kubereka. Mwana uja tsopano amathyola yekha akamapita kusukulu, katsabola ndi mchere zili m'kapepala.