Mbuzi ya Mkaka Imayambira pa Tonde

DZUWA likapendeka m'midzi ya ku Katete, Chadiza ndi Petauke, mbuzi zimabwerera zokha kucokera ku madambo ndi ku minda yokololedwa kumene zaswera, ndipo anyamata amazikusa ndi kuzitsekera m'khola. Mwini wake amaziwerenga ndi maso, naona kuti zakwana, nalowa m'nyumba. Palibe amene amatenga kapu kupita nayo kukholako. Mbuzi pamudzi ndi ya pamaliro, ya paukwati, yolipirira mlandu kwa amfumu, ndiponso yogulitsa pamene mwana afuna yunifomu ndi mabuku. Koma za kuikama, ambiri amangoseka, ndipo ena amacita nazo manyazi.

Komabe m'nyumba zomwezo muli ana amene amadya phala lopanda kanthu m'mawa uliwonse. Kufufuza kwa za umoyo kumene kunacitika m'dziko lonse la Zambia mu caka ca 2018 kunaonetsa kuti ana 35 mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira, ndiye kuti msinkhu wao unali wocepa poyerekeza ndi zaka zao. Ndipo pamene Boma linawerenga ziweto mu 2017 ndi 2018, linapeza mbuzi zoposa 3.5 miliyoni, ciwerengero cofanana pafupifupi ndi ca ng'ombe. Mbuzi zilipo zambiri, ana osowa mkaka aliponso ambiri, koma ziwirizi sizikumana.

Mlimi wa munda waung'ono akamva za mkaka amaganiza za ng'ombe, ndipo pomwepo amataya mtima, pakuti ng'ombe ya mkaka ndi yokwera mtengo, imafuna msipu waukulu, ndipo ikafa, cuma conse ca banja capita tsiku limodzi. Cakudya ca ng'ombe imodzi cingathe kudyetsa mbuzi zisanu. Matenda a East Coast Fever amene amapha ana a ng'ombe ku Cigawo ca Kum'mawa, ndi denkete amene anatsiriza makola ambiri ku Cigawo ca Kum'mwera, sagwira mbuzi. Pa cilala ca mu 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza pa 29 Febuluwale caka comweco kuti ndi tsoka la dziko lonse, udzu unatha msanga, koma mbuzi, poti imadya masamba a mitengo ndi zitsamba, inali ndi pogwira.

Vuto ndi lakuti mbuzi ya kuno, kaya ndi ya ku Gwembe, ya ku Sinazongwe kapena ya kumtunda, siinapangidwire mkaka. Ndi yolimba, imapirira njala ndi nkhupakupa, imaswa mapasa kawirikawiri, koma ana ake akayamwa, cotsala cimangokwana kapu imodzi, ndipo pakapita miyezi iwiri kapena itatu mawere amauma.

Mitundu ya mkaka weniweni inacokera kutali. Saanen, yoyera mbee, kwao ndi ku cigwa ca Saanen m'dziko la Switzerland, ndipo kumeneko mkota wabwino umapatsa malita 3 kapena 4 pa tsiku kwa miyezi 9 kapena 10. Toggenburg nayonso ndi ya ku Switzerland, yofiirira, ya mizere iwiri yoyera kumaso. Anglo-Nubian, ya makutu aatali olendewera, inapangidwa ku Britain posakaniza mbuzi za kumeneko ndi atonde ocokera ku India ndi ku maiko otentha a Aluya. Mkaka wake ndi wocepako koma wa mafuta ambiri, ndipo imapirira dzuwa kuposa zinzake. Pali mbuzi inanso imene imasoceretsa anthu pa msika, ya thupi loyera ndi mutu wofiira, ya mtundu wa Boer wa ku South Africa. Imeneyo ndi ya nyama. Wogula Boer pofuna mkaka wataya ndalama zake.

Kawirikawiri nkhani imayenda motere. Mlimi amagula mkota wa Saanen weniweni, nausakaniza ndi mbuzi za pamudzi, nausiya kuti uziswera m'chire pamodzi ndi zinzake. Dzuwa la mu Okutobala limaupsereza khungu la mawere ndi la mphuno, pakuti khungu lake ndi loyera. Mvula ikagwa, nkhupakupa za mawangamawanga zimaupatsa matenda a heartwater, amene amadzaza madzi m'thumba la mtima ndi m'cifuwa. Mbuzi imayamba kuyenda modzandira, imagwa, nipalasa miyendo, nifa, pamene mbuzi za kuno zimene zinazolowera matendawo zili kudya pambali pake. Pamudzi ponse pamamveka mbiri yakuti mbuzi zacizungu sizikhala kuno, ndipo nchito yonse imathera pomwepo.

TONDE

Njira imene yaoneka kuti imagwira nchito ndi yocedwerapo, koma ndi yotsika mtengo. M'malo mogula mikota yacilendo, alimi amagula tonde mmodzi wa mtundu wa mkaka kuti azikwera mikota ya kuno. Ana obadwawo amatenga theka kwa atate ndi theka kwa amao: mkaka umacuruka kufika lita imodzi kapena kuposerapo pa tsiku ngati adya bwino, ndipo kulimba kwa mbuzi ya kuno sikutayika. Msoti wotere ukakula nukweredwa ndi tonde wina wa mtundu womwewo, mwana wake amakhala ndi magawo atatu mwa anai a magazi acilendo. Pa munda waung'ono ndi bwino kulekezera pamenepo, cifukwa kupitirira apo mbuzi imayamba kufuna cisamaliro ca mbuzi ya ku Ulaya.

Izi sizongoganizira. Ku Meru m'dziko la Kenya, bungwe la FARM-Africa linayamba nchito yotere mu 1996. Linabweretsa mbuzi za Toggenburg kucokera ku Britain, ndipo magulu a alimi osauka anasankha mmodzi wa iwo kuti azisunga tonde wa gulu. Wokhala ndi mkota wofuna tonde ankautengera komweko pa cingwe, nalipira kandalama pang'ono, ndipo wosunga tonde ankalemba m'buku tsiku ndi dzina la mwini. Pambuyo pace alimiwo anapanga bungwe lao, la Meru Goat Breeders Association, kuti liziyang'anira kusinthanitsa atonde pakati pa magulu. Ku Mgeta, m'mapiri a Uluguru ku Tanzania, mbuzi za ku Norway zinafika mu 1988 kupyolera mwa Sokoine University of Agriculture, ndipo zinafalikira m'midzi ya kumeneko. Tsono Mgeta ndi malo ozizira a pamwamba. Cimene cinatheka kumeneko sicingatengedwe monga momwe ciliri kupita naco ku cigwa ca Luangwa, kumene mbuzi ya theka ndiyo yoyenera.

Kusinthanitsa atonde ndiko mtima wa nkhani yonse, ndipo ndi pomwe magulu ambiri amagwera. Mbuzi imakhala ndi bere masiku 150, ndiyo miyezi isanu. Msoti wobadwayo umayenera kukweredwa ukakwanitsa pafupifupi caka, pamene wafika magawo awiri mwa atatu a kulemera kwa mkota waukulu. Motero pakangopita caka ndi theka cifikire tonde pamudzi, ana ake aakazi amakhala okonzeka, ndipo akapanda kucotsedwa adzakwera ana ake omwe. Kukwerana pa cibale kumabala ana ang'onoang'ono, ofooka, ofa msanga, ndi a mkaka wocepa. Gulu la alimi liyenera kudziwiratu, lisanagule tonde, kuti ndi gulu liti la mudzi wina limene lidzasinthane nalo.

Mdani wina ndi katonde ka pamudzi. Mwana wa mbuzi wamwamuna amatha kupatsa bere ali ndi miyezi inai yokha, ndipo amayenda paliponse, usana ndi usiku. Mkota umafuna tonde pa masiku 21 alionse, kwa tsiku limodzi kapena awiri okha: umalira kosalekeza, umagwedeza mcira, kumbuyo kwake kumatupa ndi kutuluka cinanda, ndipo mkaka umacepa. Mwini wake akacedwa kuona zizindikirozi, katonde ka mnansi kamakhala kataona kale, ndipo miyezi isanu yatayika. N'cifukwa cace atonde onse osafunika ayenera kuthenedwa akali aang'ono kapena kugulitsidwa, ndipo nkhani imeneyi imafuna kuti amfumu ndi anthu a pamudzi agwirizane, pakuti munthu mmodzi sangathene mbuzi za eni.

Posankha tonde, mlimi asakopeke ndi ndevu ndi kukula kwa thupi. Afunse kuona amake a tondeyo akukamidwa, pakuti mkaka wa ana ake aakazi udzafanana ndi wa agogo awo. Pali cinthu cinanso cimene ambiri sacidziwa: pa mitundu ya ku Switzerland, tonde wobadwa wopanda nyanga akakwera mkota wobadwanso wopanda nyanga, ena mwa ana aakazi amabadwa osadziwika bwino ngati ndi aamuna kapena aakazi, ndipo sabereka. Mmodzi wa makolo awiriwo azikhala wa nyanga.

KHOLA NDI CAKUDYA

Mbuzi ya mkaka imasungidwa m'khola la m'mwamba, lokwezedwa pafupifupi mita imodzi, la pansi pa timitengo totalikirana ngati kunenepa kwa cala kuti ndowe ndi mkodzo zizigwa pansi. Denga lisadonthe, mphepo izipita koma isaombe mbuzi mwacindunji, cifukwa cibayo cimapha ana ambiri m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. Manyowa osonkhana pansipo amapita ku dimba.

Mbuzi yotsekeredwa imadya cimene mwini wake wasenza, ndipo iyi ndi nchito ya tsiku ndi tsiku imene banja liyenera kuiganizira bwino lisanayambe. Nsenjere, masamba a malubeni, masamba a mbatata ndi a nyamundolo ndi cakudya cabwino. Mitengo ya Gliricidia, imene inayesedwa pa Msekera pafupi ndi Chipata cifukwa ca kubwezera nthaka ndipo alimi ambiri a kum'mawa anaibyala m'minda, ili ndi masamba omanga thupi, koma mbuzi zimayamba kuwakana mpaka atafota pang'ono. Masamba a Leucaena asapitirire gawo limodzi mwa atatu a cakudya ca tsiku, ndipo a cinangwa afote kaye asanaperekedwe. Cakudyaci cimangiriridwe m'mwamba, pakuti mbuzi siidya cimene yaponda.

Nthawi yoopsa ndi kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba. Mlimi wanzeru amasonkhanitsa masamba a nshawa pa nthawi yokolola, nawaumitsa pamthunzi ndi kuwaika pa tsindwi, m'malo mowasiya m'munda kuti apse ndi lupsa. Zipatso za mtengo wa msangu, zimene zimagwa m'cilimwe, ndi cakudya ca mtengo wapatali cimene cimangofuna kutola. Mkota wokamidwa umafunanso gaga wosakaniza ndi zotsala pofinya mafuta a mpendadzuwa, kamcere pang'ono, ndi madzi oyera malita 5 kapena kuposa pa tsiku. Wokhala ndi mikota iwiri aikweretse motalikirana miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, kuti wina ukamauma wina ukhale ukuswa.

Njoka za m'mimba zimacuruka nthawi ya dzinja, ndipo zoopsa kwambiri ndi zimene zimayamwa magazi m'cifu. Mbuzi yodwala imayera m'kati mwa cikope ca pansi, ndipo nthawi zina imatupa pansi pa cibwano. Akatswiri a ku South Africa anakonza khadi lochedwa FAMACHA, lokhala ndi mitundu isanu kucokera pa kufiira mpaka pa kuyera, limene mlimi amayerekeza ndi cikope ca mbuzi kuti amwetse mankhwala zokhazo zimene zikudwala. Kumwetsa khola lonse mwezi ndi mwezi kumatha ndalama, ndipo njokazo zimafika pozolowera mankhwala. Za nkhupakupa ndi za katemera, wothandizira dokotala wa ziweto wa m'deralo ndiye amadziwa matenda amene ali pafupi.

KUKAMA

Mwana akabadwa ayamwe cithuwi m'maola oyamba, mcombo wake upakidwe ayodini, ndipo kwa masiku anai kapena asanu mkaka wonse ukhale wake. Pambuyo pace ana amagona padera usiku, mkota umakamidwa m'mawa, ndipo masana ana amayamwa mpaka atakwanitsa miyezi itatu. Kukatsala miyezi iwiri kuti mkota uswenso, kukama kulekeke kuti thupi lipume.

Anthu ambiri amene amati mkaka wa mbuzi umanunkha analawa mkaka wokamidwa pafupi ndi tonde. Akuluakulu amati tonde azinunkha, ndipo n'zoona, koma azinunkhira m'khola lakelake, kutali ndi pokamira. Wokama asambe m'manja, atsuke mawere ndi madzi ofunda nawapukute, ndipo madontho oyamba awakamire m'kapu yapadera kuti aone ngati muli zibuluma kapena magazi, zimene zimasonyeza kuti bere likudwala. Mkaka usefedwe pa nsalu yoyera ndi kuwiritsidwa nthawi zonse, cifukwa matenda a brucellosis, amene amacotsa mabere a ziweto, amalowa mwa munthu kupyolera mu mkaka wosaphika. Mbuzi ikabayidwa kapena kumwa mankhwala, mkaka wake usamwedwe mpaka atakwana masiku olembedwa pa botolo.

Azimai ayenera kudziwanso malire ake. Mkaka wa mbuzi sulowa m'malo mwa bere la mai: khanda liyamwe bere lokha kwa miyezi 6, ndipo mwana wosakwana caka asapatsidwe mkaka wa mbuzi monga cakumwa cace cacikulu, cifukwa ulibe folate wokwanira ndipo mwanayo angacepe magazi. Akapitirira caka, kapu imodzi yothira m'phala la m'mawa imamukwanira, ndipo mkota umodzi wa theka ungathe kudyetsa ana atatu kapena anai motere.

Ana aamuna obadwa m'kholamo satayika. Mtheno wa magazi osakaniza umakula msanga kuposa wa kuno, ndipo amalonda otengera mbuzi ku msika wa Chibolya mu Lusaka ndi ku Kasumbalesa, pa malire ndi dziko la Congo, amalipira molingana ndi kukula kwa thupi. Ndalama za mitheno iwiri kapena itatu pa caka ndizo zimagula mankhwala a nkhupakupa, gaga wa m'cilimwe, ndi gawo la mlimi pamene gulu lisonkha za tonde watsopano.