Oda yaikulu si ndalama ayi: zomwe zimachitika ukamaperekera katundu ma shopu akuluakulu

Masiku ano pa Facebook sipakusowa mnyamata kapena mtsikana woika chithunzi cha chiponde, uchi kapena tsabola wake ali pa shelefu mu Chipiku kapena mu Sana, m'munsi atalemba kuti "tafika". Makomenti amadzadza, aliyense akuti mwaiphula. N'zonyaditsadi. Koma amene anaperekerako katundu kasitomala wamkulu, kaya ndi supamaketi, hotela kapena boma, amakuuza kuti geni yambiri imafera pomwepo, oda ili m'manja.

Vuto lalikulu ndi nthawi. Mumsika wa Limbe kapena ku Tsoka, wogula amalipira pompopompo. Kasitomala wamkulu satero. Amatumiza LPO, iwe n'kupereka katundu ndi invoisi, ndalama n'kudzabwera pakatha masiku 30, 60, nthawi zina 90. Masiku onsewo iwe ndi amene wamukongoza iye, popanda chiwongoladzanja.

Tiyerekeze kuti umapanga chiponde ndipo wapeza oda ya mabotolo 2,000 pa K3,000 limodzi. Imeneyo ndi K6 miliyoni. Mtedza, mabotolo, malebo, magetsi, aganyu ndi thiransipoti zikudya K2,400 pa botolo, kutanthauza K4.8 miliyoni yoti uipeze lero. Papepala phindu ndi K1.2 miliyoni. Mpamba ulibe, ndiye wakatenga ku banki mkhonde komwe akuti 20 peresenti pamwezi. Miyezi iwiri yodikira ija chiwongoladzanja chafika K1.92 miliyoni. Wagwira ntchito usana ndi usiku, pamapeto pake waluza K720,000. Kubanki n'kotchipirako, koma nakonso mu 2024 chiwongoladzanja chinali pamwamba pa 25 peresenti pachaka, ndipo amafuna chikole chomwe achinyamata ambiri alibe.

Podikirapo kwacha sakudikira. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene anali atapereka katundu pamtengo wakale anadzalandira ndalama yoti singagulenso mabotolo ndi zipangizo zochuluka ngati zomwe anagwiritsa ntchito. Ukapempha kukweza mtengo, wamkulu amakuuza kuti dikira aone, pakuti pakhomo pake pali anthu ena khumi ofuna malo ako omwewo pa shelefu. Mtengo amautchula ndi iye.

Kenako pali zodula. Makampani akuluakulu ndi maofesi a boma amachotseratu withholding tax ya 3 peresenti pa katundu n'kutumiza ku MRA, pokhapokha ngati uli ndi satifiketi yoti asakudule. Pa K6 miliyoni ija ndi K180,000. Siyotayika, imadzawerengeredwa pa msonkho wako, koma m'thumba mulibe panthawi yomwe ukuifuna. Ngati unalembetsa VAT, MRA imafuna yake pofika pa 25 mwezi wotsatira, kaya kasitomala walipira kaya ayi. Ndipo m'mapangano ambiri, katundu amene sanagulidwe mpaka tsiku lake kutha, kapena waphwanyika, amabwerera kwa iwe. Mabotolo 100 okha akabwerera, K300,000 yapita.

Usanalowe n'komwe pakhomo pali mapepala: kulembetsa bizinesi, TPIN, chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards ngati ndi chakudya, barcode pa lebo, ndipo ngati ukufuna matenda a boma, kulembetsa ku PPDA. Zonsezi ndi ndalama ndi nthawi, usanagulitse kanthu.

Boma ndiye kasitomala wamkulu kuposa onse m'dziko muno, ndipo nkhani ya ngongole zomwe limakhala nazo kwa operekera katundu si yachilendo. Zina lakhala likuzibweza ndi mapepala olonjeza kudzalipira mtsogolo. Pepala limenelo sungagulire mtedza kwa alimi a ku Mchinji. Ukalifuna kukhala ndalama lero, umakaligulitsa kubanki motsitsa.

Choopsa kwambiri n'kudalira kasitomala mmodzi. Oda ikakula, ambiri amasiya timagolosale ta ku Ndirande, Kawale kapena Chibavi tomwe tinkawalipira kashi, katundu yense n'kumapita kumodzi. Ndiye tsiku lina wamkuluyo akagwa? PTC inali ndi masitolo pafupifupi m'tauni iliyonse ndipo palibe ankaganiza kuti ingathe. Mu 2022 inatsekedwa ili ndi ngongole kwa anthu ndi makampani omwe ankaiperekera katundu. Kampani ikatsekedwa chonchi, woperekera katundu wopanda chikole amakhala kumapeto kwa mzere wolipidwa.

Ndiye tisamapite n'komwe? Ayi. Kasitomala wamkulu amagula zambiri nthawi imodzi, amadziwitsa dzina lako, ndipo LPO yake ena amaiona ngati umboni ukamafuna ngongole. Kungoti walira mvula walira matope. Usanasayine, funsa tsiku lolipira, ndani akusenza katundu wobwerera, ndiponso ngati mtengo ungasinthe kwacha ikagwa, zonsezo zilembedwe. Funsa ena amene akuperekera kale kumeneko kuti ndalama zimatuluka pakatha masiku angati kwenikweni, osati zomwe zili papepala. Yamba ndi oda yomwe mpamba wako ungaipirire ngakhale ndalama itachedwa mwezi wina. Delivery note isayinidwe ndi kudindidwa tsiku lomwelo, chifukwa pepala limodzi likasowa, ku akawunti amayambanso kuwerenga masiku. Ngati muli angapo opanga zofanana, kulowa limodzi ngati kopaletivu kumakupatsani mawu pokambirana mtengo. Ukaona kuti wamkulu akukupondereza dala, Competition and Fair Trading Commission imalandira madandaulo a mtundu umenewu.

Ndipo amayi a pagolosale aja amene amatenga mabotolo khumi n'kulipira pomwepo, usawataye. Ndalama yawo ndi imene idzalipire aganyu ndi magetsi pamene invoisi ya mamiliyoni ikudikira siginecha ya bwana amene wapita ku msonkhano ku Mangochi.