Wolembedwa Ntchito kapena Wa Kontirakiti: Kusiyana Kwake

Pa Chiponde, m'boma la Mangochi, pamene msewu wochokera ku Namwera umaloŵera ku Mandimba m'dziko la Mozambique, pali anthu amene amagwira ntchito m'mabungwe othandiza anthu, osafuna phindu. Ena ndi alonda, ena oyendetsa galimoto, ena alangizi oyendera midzi. Nthaŵi zina munthu wotere amauzidwa kuti sadalembedwe ntchito, koma ndi wa kontirakiti woima payekha, ngakhale kuti tsiku ndi tsiku amafika m'maŵa, nalandira malangizo kwa mkulu wa pantchito, naŵeruka madzulo.

Tsono lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 lisanabwere, ambiri ankangokhulupirira zolembedwa pa pepala. Koma lamulo la Employment Act la 2000 limayang'ana m'mene ntchitoyo ikuyendera. Ngati munthu amadalira malipiro a bungwelo kuti apeze chakudya, ndipo amakakamizika kugwira ntchito monga momwe wantchito amagwirira, lamulo limamuŵerengera kuti ndi wolembedwa ntchito, kaya pepala linena zotani. Mmisiri amene wabwera ndi zida zake kudzamanga chimbudzi cha pasukulu, natsiriza, napita kukafuna ntchito kwina, ameneyo ndiye woima payekha.

Kusiyana kumeneku nkwakukulu. Wolembedwa ntchito ali ndi tchuthi cholipidwa cha masiku 18 pachaka ngati agwira masiku asanu ndi limodzi pamlungu, kapena masiku 15 ngati agwira asanu. Mayi woyembekezera ali ndi milungu 8 yatchuthi. Chiyambire lamulo la penshoni la 2011, wolemba ntchito amaika K10 pa K100 iliyonse ya malipiro, wantchito naikapo K5, kusungira ukalamba. Wotchedwa wa kontirakiti zonsezi zimamudutsa.

Kumbali ya msonkho, wolemba ntchito ndiye amadula msonkho wa PAYE pa malipiro a mwezi ndi kuupereka ku Malaŵi Revenue Authority. Woima payekha amayenera kulembetsa yekha ku bungweli, kusunga ziphaso za msonkho umene wadulidwa polipidwa, ndi kufotokoza zimene wapeza pachaka. Nkoyenera kudziŵa kuti ngakhale bungwe lothandiza anthu likhululukidwe msonkho pa chuma chake, chikhululukirocho sichifika pa malipiro a antchito ake.

Chomwecho munthu wokayika ayenera kusunga kalata imene adasaina pamodzi ndi mapepala a malipiro, napita nazo ku ofesi ya za ntchito ku Mangochi Boma. Nkhani ikakanika kumeneko, imapita ku bwalo la Industrial Relations Court, loweruza milandu ya pakati pa antchito ndi owalemba. Nawonso akuluakulu a mabungwe achita bwino kukonza zinthu nthaŵi ikadalipo, pakuti ngongole ya penshoni ndi ya msonkho imakula mwezi ndi mwezi. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.