MIPANDO 7 IMENE INAUMBA BOMA LA 1962

Madzi amene asodzi a pa Chanyanya, kufupi ndi tauni ya Kafue, amaponyamo maukonde ao amayamba adutsa m'dziko la Aila ku Namwala. Kumeneko, pa mudzi wa Maala, ndiko kunabadwira a Harry Mwaanga Nkumbula, amene anadzatsiriza maphunziro a Standard 6 pa Kafue Training Institute, sukulu ya mishoni ya Methodist, m'caka ca 1934. Iwowa ndiwo anagwira tsogolo la dziko m'manja mwao pamene cisankho ca 1962 cinatha popanda wopambana.

Cisankhoco cinacitika pa 30 October, dziko lino likali kuchedwa Northern Rhodesia. Malamulo ace anali opotoka. Pa mipando 45 ya m'Nyumba ya Malamulo, 15 inali ya ovota olemera ndi ophunzira, makamaka Azungu, 15 inali ya ovota ocepa cuma, ndipo yotsalayo inakonzedwa kotero kuti pafupifupi yonse munthu sakanaitenga popanda mavoti a mitundu yonse iwiri. Asodzi ndi alimi ambiri a m'midzi analibe voti konse.

Cisankho cobwereza citacitika pa 10 December, cipani ca United Federal Party ca a John Roberts, cimene cinali kuteteza Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cinali ndi mipando 16. UNIP ya a Kenneth Kaunda inali ndi 14, ndipo African National Congress ya a Nkumbula inali ndi 7. Mipando ina inakhala yopanda eni. Panalibe cipani cokhoza kulamulira cokha, tsono maso a onse anatembenukira kwa mwini mipando 7 ija.

Kusankha kunali kobvuta. A Kaunda anali atacoka mu Congress mu 1958 atasiyana maganizo ndi a Nkumbula, ndipo kuyambira pamenepo anyamata a zipani ziwirizi anali kugendana ndi kumenyana m'makomboni. Komanso pa nthawi ya cisankho, Congress inali itapangana ndi United Federal Party kuti azithandizana mavoti, ndipo ina mwa mipando yace inaipeza m'njira imeneyo. Mbali zonse ziwiri zinawanyengerera. A Nkumbula akadapita kwa a Roberts, Citaganya cikadapeza mpata wopumira.

Pakati pa December a Nkumbula anasankha mdani wao wa dzulo. Bwanamkubwa Sir Evelyn Hone analandira boma la mgwirizano wa UNIP ndi Congress, loyamba m'dziko lino kutsogozedwa ndi zipani za anthu akuda. Cipani ciri conse cinapatsidwa nduna zitatu, ngakhale kuti mipando ya Congress inali theka cabe la ya UNIP. Uwu ndiwo mtengo umene cipani cacikulu cinalipira. A Kaunda anakhala Nduna ya Maboma Aang'ono, a Simon Kapwepwe ya Ulimi wa Anthu Akuda, a Reuben Kamanga ya Nchito ndi Migodi, ndipo a Nkumbula ya Maphunziro a Anthu Akuda. Maunduna ena, monga wa za cuma, anatsala m'manja mwa akuluakulu a boma la atsamunda.

Ukwatiwu sunali wa cikondi. Ndeu za otsatira ao sizinaleke, ndipo a Nkumbula anaopseza kangapo kuti aturuka. Koma nchito imene anagwirizanira inatheka. Mu March 1963 boma la Britain linabvomereza kuti dziko liri ndi ufulu woturuka m'Citaganya, ndipo pa 31 December caka comweco Citaganyaco cinaikidwa m'manda. M'cisankho ca January 1964, pamene munthu wamkulu ali yense anavota, UNIP inapata mipando 55 mwa 75, Congress 10, ndipo mgwirizano unathera pomwepo. Ufulu unafika pa 24 October 1964.

A Nkumbula anatsogolera otsutsa boma kufikira pangano la ku Choma la 1973, ndipo anamwalira mu 1983. Boma limene anathandiza kuumba linakhala caka cimodzi ndi mwezi cabe. Msodzi wa pa Chanyanya sangadabwe nazo, pakuti adziwa kuti opalasa bwato limodzi sayenera kukhala abwenzi. Cofunika ndi kumvana za gombe limene akalotako.