Chimene chimapha mbande za mitengo m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota

Nyengo yodzala mitengo m'Malawi imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo, koma kwa mlangizi wa zankhalango masiku amenewa si ofanana, makamaka m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota, kumene dothi lambiri ndi lamchenga ndipo silichedwa kuuma. Mbande yowokeredwa mvula itangokhazikika imakhala ndi miyezi itatu kapena inayi yozamitsira mizu, pamene yowokeredwa mu Malichi, pamwambo wodikirira mlendo wolemekezeka, imakumana ndi mphepo ya mwera mizu ikadali pamwamba, ndipo dzuwa la mu Okutobala limangodzaimaliza.

Imfa zambiri zimachokera kunazale komweko. Mbande ikakhalitsa m'chubu, muzu wake waukulu umafika pansi ndi kupindika, kapena umaboola n'kulowa m'nthaka kotero kuti umaduka ponyamula. N'chifukwa chake machubu amasunthidwa kawirikawiri ndipo mizu yotulukira imadulidwa ikadali yaing'ono. Msangu, umene moyo wake wagona pa muzu wozama, ndiwo umavutika kwambiri ndi zimenezi. Palinso kukhwimitsa, kutanthauza kuchepetsa madzi ndi mthunzi pang'onopang'ono kwa masabata angapo mbande zisanapite kumunda, kuti zizolowere dzuwa. Ogula ambiri amathamangira mbande zazitali zobiriwira bwino, chonsecho yaifupi, ya tsinde lonenepa, ndiyo imapirira.

Madzi ochuluka amaphanso, pakuti mizu imafuna mpweya. M'madambo ozungulira Chia, kapena ku Dwangwa kumene madzi anasefukira mu 2024, mbande yomira kwa masiku ambiri imaola mizu, ndipo ngakhale mbawa, imene imakonda magombe a mitsinje ngati Bua, imafuna nthaka yachinyezi osati chithaphwi. Kumtunda kouma chiswe chimasakaza bulugamu, pomwe mbuzi zotayiriridwa anthu akakolola ndi moto wolusa zimatsiriza zotsala.

Mitengo yachilengedwe ya m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, monga mombo ndi tsamba, imachita zosiyana: kamtengo kamatha kuuma kumtunda chaka ndi chaka uku muzu ukukulirakulira pansi, kenaka n'kuphukanso. Ichi ndicho chifukwa chake kusamala zitsa zophukira kumabweza nkhalango msanga kuposa kudzala mitengo yomweyo, ndipo chiwerengero choyenera kufunsidwa kwa makomiti a m'midzi ndi cha mitengo yamoyo mu Novembala, osati cha mitengo yodzalidwa.