Kulima Phwetekere M'madera Otentha: Maluwa Asakumane ndi Mwamvu

Alimi a m'zigwa za Shire, Luangwa ndi Zambezi amadandaula kawirikawiri kuti phwetekere wawo amakula mosangalatsa, masamba ali biriwiri, koma osabereka. Ambiri amathamangira kuwonjezera feteleza, pamene gwero la vutoli ndi kutentha. Masana kukamatentha kupitirira madigiri 32, usiku osatsika kufika pa 21, mungu umafooka ndipo maluwa amayoyoka asanagwire zipatso. Apa nayitirojeni wochuluka amangochulukitsa masamba.

Motero mlangizi athandize alimi kuwerenga masiku. Mbande zimakhala pa nazale masabata 4 kapena 5, ndipo zimachita maluwa patatha pafupifupi mwezi chiziwokereni. Amene wafesa mu Marichi kapena Epulo, maluwa ake amatuluka m'nyengo yozizira. Wofesa mu Ogasiti amawakumanitsa ndi Okutobala, mwezi umene ku Nsanje ndi ku Tete kutentha kumafika madigiri 40.

Tikudziwa kuti nyengo yozizira aliyense amalima, ndiye mtengo pa msika umagwa. N'chifukwa chake alimi ena amalimba mtima kudzala m'chilimwe, ndipo sitingawaletse. Awa aphimbire nthaka ndi udzu, awokere madzulo, ndi kuthirira mosadumphadumpha. Mbewu ikamasowa madzi lero n'kukhuta mawa, kashiamu safika bwino ku chipatso, ndipo chimada ndi kuola kunsi kwake. Asasadze masamba ambiri, pakuti ndiwo mthunzi wa zipatso. Pa kutentha kopitirira madigiri 30 chipatso sichifiira bwino, chimangokhala chachikasu. Ndi bwino kuthyola chikangoyamba kusintha mtundu, chikapsere pamthunzi. Aziyang'ananso kunsi kwa masamba, kumene akangaude ofiira amaswana msanga m'nyengo youma.

Dzinja lili ndi mavuto akeake, makamaka chiwawu. Phwetekere adzalidwe pa mizere yokwera, amangiriridwe ku mitengo kuti masamba asakhudze dothi, ndiponso asalowe m'munda umene munali fodya, mbatatesi kapena mabiringano.

Mtundu wa Tengeru 97, umene unatulutsidwa ku Tanzania mu 1997, umapirira ku tinyongolotsi totupitsa mizu, vuto lalikulu m'dothi la mchenga lotentha. Koma kambozi ka Tuta absoluta, kamene kanapezeka ku Zambia mu 2016, kamaboola masamba ndi zipatso nyengo iliyonse, ndipo kamazolowera msanga mankhwala ngati alimi apopera a mtundu umodzimodzi mobwerezabwereza.