Agogo a kwa Mwase Akufuna Sukulu Yotani?

Fodya akagulidwa kumsika wa Chinkhoma ku Kasungu, mlimi amalandira chipepala chodzaza manambala: makilogalamu a belo lililonse, mtengo wake m'madola, ndi ndalama zimene zadulidwa. Alimi ambiri achikulire a kwa Mwase amachita kuitana mdzukulu kuti awawerengere. Chonsecho ndi anthu omwewa amene akangogwira tsamba m'chigafa amadziwiratu giledi yake.

Vuto si nzeru ayi. Sukulu ya pulayimale yaulere inabwera mu 1994, iwo ali kale ndi mabanja. Sukulu za kwacha, zomwe boma linazifalitsa m'dziko lonse mu 1986, ndizo zinayenera kutseka mpata umenewu, ndipo zathandizadi ambiri, makamaka amayi. Abambo amazemba. Munthu woweruza milandu pabwalo safuna kukakakamira pa "a, e, i" pamaso pa apongozi ake, ndipo manyazi otere si oseketsa: mphunzitsi wanzeru amawapatsa abambowo kalasi yawoyawo.

Wamkulu saphunzirira mayeso. Akufuna kuwerenga sikelo ya venda, kusaina dzina m'malo modinda chala, kudziwa mlingo wa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Masiku ano kwawonjezekanso foni. Mwana akatumiza ndalama kuchokera ku Lilongwe kapena ku Joni kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, gogo wosadziwa kuwerenga amaulula nambala yake yachinsinsi kwa wina, ndipo apa m'pamene ambiri amaberedwa. Phunziro loyambira pa foni ya gogoyo komanso pa chipepala chake cha ku okushoni limagwira mtima kuposa buku la ana a Sitandade 1.

Nthawi nayo ndi nkhani. Kuyambira pa nazale mu Seputembala, kudzafika pa kuwokera, kuthyola, kusoka ndi kudinda mabelo, mlimi wa fodya alibe mpata. Kalasi yoikidwa m'dzinja imatha yokha. Miyezi yabwino ndi ya pambuyo pokolola ndi kugulitsa, masana dzuwa litapendeka.

Pali chinanso chimene okonza maphunziro amaiwala: maso. Munthu akapitirira zaka 40, zilembo zapafupi zimayamba kuoneka mwachimbuuzi. Agogo ena amene amatchedwa ouma mutu amangofunika magalasi owerengera, zilembo zikuluzikulu, mpando woyandikira bolodi, ndi mphunzitsi wolankhula momveka, wobwereza mosatopa, amene amawatchula ndi mfunda wawo, aPhiri kapena aNabanda.